Gulo ndi Wakuba Mphamvu za Mfumu Njati

Padangokhala, ndipo amene ali maso avomere. Padali midzi iwiri ya nyama yomwe inkalimbirana dambo limodzi. Mudzi wa tsidya lino mfumu yake idali Njati, wa tsidya linalo mfumu yake idali Nguluwe. Makolo awo atatopa ndi ndewu adapangana chotere: chaka chilichonse mvula ikatha, pa tsiku loikika, mfumu imene dzuwa potuluka liipeze itaima pachulu cha pakati pa dambo, anthu ake ndiwo alime madimba chaka chimenecho.

Njati adali mfumu yabwino mtima, yoseka ndi aliyense, koma kudzuka kunkamukanika. Dzuwa linkafika paliwombo iye akuliza mkonono. Akadzuka ankangoyasamula, miyendo ili lende, maso ali psuu, milandu n'kumaiweruza akuwodzera. Motero chaka ndi chaka Nguluwe ankaima pachulu yekha, ndipo a kwa Njati chilimwe chonse ankangoyang'ana mpiru ndi maungu a anzawo, ana akulira ndi njala.

Chimene Njati sankadziwa n'chakuti nduna yake yaikulu, Fisi, inkadya mbali ziwiri. Nguluwe ankamutumizira mafupa onona, iye ntchito yake n'kuonetsetsa kuti chipanda cha mowa cha mfumu chisaume madzulo.

M'mudzimo mudali Gulo, buluzi wa mutu wobiriwira uja, mlesi wotheratu koma wakuthwa pakamwa. Tsiku lina Fisi adamupeza ali m'lichero la ngumbi zimene mkazi wa mfumu, a Nankhoma, adayanika pakhonde. Adamugwira mchira n'kumukwakwaza mpaka kubwalo.

"Wakuba uyu, mfumu," adatero Fisi, malovu ali chuchuchu. "Mlandu wake ndi waufupi. Ndipatseni ine, ndithana naye pompano."

Njati adatsegula diso limodzi. "Gulo, n'zoona zimenezi?"

Pakamwa pa Gulo padali patayamba kale ntchito mutu usanaganize.

"Wakuba alipodi, mfumu, koma si ine. Ine ndimamulondola. Mapazi ake anadutsa m'licheromo, ndiye ndimanunkhiza."

"Kununkhiza ndi pakamwa podzaza?" adafunsa Fisi.

"Aliyense ali ndi kanunkhizidwe kake, a nduna."

"Nanga wakubayo waba chiyani?" adafunsa Njati.

"Mphamvu zanu, mfumu. Inu mukuganiza kuti chimphona ngati inu chingamalephere kudzutsa mutu wake womwe popanda chifukwa? Alipo amene amabwera m'bandakucha, n'kukukamani mphamvu ngati mkaka, n'kumapita nazo."

Apa Njati adatsegula diso lachiwiri. Padalibe amene adamuuzapo kuti kufooka kwake ndi mlandu wa munthu wina, ndipo mawuwo adamukomera m'khutu.

"Undionetse wakubayo," adatero. "Ukandionetsa tsiku la pachulu lisanafike, uli ndi moyo. Ukalephera, ndiwe ndiwo ya a nduna."

"Mumuona ndi maso anuwa," adatero Gulo, chifuwa chili patsogolo.

Atangochoka pabwalo, adakumbuka kuti iye mwini m'mawa kukazizira thupi lake limauma gwa, osasuntha ngakhale chala. Adzadzutsa bwanji mnzake iye ali thapsa? Adalunjika kukhitchini kwa a Nankhoma.

"Mayi, musandiponyere chikuni. Tandiuzani, mukufuna amuna anu azidzuka kapena ayi?"

"Iwe, ine ndatopa n'kuphika phala lozizirira mwini wake ali m'tulo," adatero a Nankhoma. "Ukufuna chiyani?"

"Malo pambali pa mafuwa anu. Ndikagona paphulusa lofunda ndidzuka nthanda ikamatuluka. Chinanso, mundiuze zonse zimene mfumu imachita dzuwa likalowa."

A Nankhoma adamuuza zonse, ndipo sizidali zochepa. Gulo adamvetsera, n'kuzisunga.

M'bandakucha adakwawa kuchoka paphulusa, nakwera panyanga ya mfumu, n'kuyamba kuimbira m'khutu mwenimweni. Kadali kanyimbo kafupi, kothamanga ngati ka pamtondo. Kankaitana mwini nyumba ndi dzina lake laubwana, kumuuza kuti wakuba ali pakhomo ndipo mwendo umodzi watuluka kale. Kothera kwake kunali mawu amodzi olamula kudzuka, obwerezabwereza, ndipo pamenepo a Nankhoma ankavomera akuomba m'manja. Adaimba, adaimbanso. Njati adangokupiza khutu, Gulo n'kukamenyetseka kukhoma, phaa!

Mfumu idadzuka dzuwa lili pamutu.

"Wakuba uja ali kuti?"

"Wabwera, wakama, wapita," adatero Gulo akusisita nthiti. "Ife taimba mpaka mawu kusasa."

"Ndikatenge mchere, mfumu?" adafunsa Fisi.

Gulo adanyamuka. Adayenda mozungulira nyumba ngati mlenje, nafika pachipanda cha mowa, nasuzumiramo, n'kudumpha chobwerera.

"Ndaona nzeru yake! Dzuwa likangolowa amathira mankhwala ogonetsa m'chipandamu. Inu mukamamwa madzulo mumadzimanga nokha, iye n'kudzakupezani omangidwa kale."

"Mfumu yosamwa madzulo ndi mfumu yanji?" adakalipa Fisi.

"Lero lokha, a nduna," adatero Njati. "Ndikufuna ndimuone nkhope munthu ameneyu."

Fisi sadali wopusa pa zinthu za kudya. Mfumu itaukana mowa, adabweretsa mphika wa nyemba, dengu la chinangwa ndi zitumbuwa zosefukira m'mbale, naitananso oimba ng'oma kuti mfumu isasungulumwe. Njati adadya, adavina, adadyanso, n'kukagona mochedwa monga mwa masiku onse.

Nthanda itatuluka, Gulo adakweranso panyanga, ulendo uno atakoleka mchira kuti asagwe. Adaimba kanyimbo kake kaja, a Nankhoma akuvomera. Atafika pa mawu olamula aja, Njati adabuula, nakhala tsonga. Adayang'ana uku, nayang'ana uko. M'nyumba mudali bii, chifukwa chitseko adachikuta ndi zikopa kuti kuwala kusalowe.

"Kukadali usiku," idatero mfumu, n'kugweranso pamphasa.

Gulo adakondwa mumtima. Dzulo chimphonacho sichidagwedezeke n'komwe, lero chakhala tsonga. Bodza lake lidayamba kumera miyendo.

Masana pabwalo Fisi adabwera atanyamuliratu mchere.

"Usungeni, a nduna, udzakuthandizani tsiku lina," adatero Gulo. "Mfumu, lero tinatsala pang'ono. Ndazindikira kuti wakubayu ali ndi abwenzi. Woyamba ndi mimba yodzaza, imene imakupsinjani pansi. Wachiwiri ndi mdima wa m'nyumba mwanu, momwe amabisala. Ng'oma za usiku ndiye zimamusonyeza njira."

"Ndiye nditani?"

"Mudye kusanade, mudye zochepa. Mbalame zikamalowa m'zisa, ng'oma zileke, inunso mukagone. Zikopa zichoke pachitseko."

"Kabuluzi aka kayamba kukulamulani pakhomo panu pomwe!" adakuwa Fisi.

Koma pamene ankalankhula choncho, a Nankhoma adali atayamba kale kukanganula zikopa, kwee! kwee!

Madzulo amenewo Njati adakagona akung'ung'udza ngati mwana womanidwa masewera. Adatembenukatembenuka, kenako tulo tidamutenga. M'bandakucha Gulo adangoimba kamodzi, pobwereza asanafike ndi pakati pomwe, mfumu idati dzambatu! Kuwala kunkalowa m'ming'alu ya chitseko. A Nankhoma adali chilili ndi chikho cha madzi ozizira.

"Imwani onse," adatero Gulo. "Mutsuke zimene wakusiyirani kummero."

Njati adagugudiza madziwo, otsala nadzithira kumaso, natuluka panja Gulo ali panyanga.

"Ali kuti?"

Apa ndiye zinthu zidamuthina Gulo. Mfumu yadzuka, inde, koma wakuba woti aonetse padalibe. Fisi adali atakhala kale pambali pa nkhokwe, akunyambita milomo. Gulo adayang'ana kumanja, mbuu. Kumanzere, mbuu. Nthawi yomweyo dzuwa lidasuzumira kumbuyo kwawo, ndipo patsogolo pa mfumu padagwa chinthu chakuda, chachitali kuposa nyumba, cha nyanga zotambalala.

"Uyo!" adakuwa Gulo. "Uyo apo, mfumu! Taonani kunenepa kwake, zonsezo ndi mphamvu zanu!"

Njati, amene zaka zonsezi adali asanaonepo m'mawa, adafwenthera n'kulumpha. Chinthu chija chidalumphanso. Adathamanga, icho chidathamanga. Adakhota, icho chidakhota. Gulo adakakamira panyanga, maso ali tsinzinu, pakamwa pokha pakugwira ntchito.

"Musamusiye! Mupondeni zidendene! Watopa ameneyo!"

Adathamanga mpaka thukuta lili kamukamu. Dzuwa litakwera, Gulo adati, "Taimani, mfumu. Tamuonani tsopano."

Njati adaima ali wefuwefu. Chinthu chija chidali chitafupika.

"Wachepa!"

"Akusanza zimene anaba. Zikubwerera mwa inu. Simukuzimva?"

Njati adapuma mpweya wambiri, nagwedeza mapewa. Adamvadi magazi akuyenda mpaka kumchira. Adamvanso njala, nawerama n'kuyamba kumwetula msipu wa mame, umene adali ataiwala kukoma kwake. Tsiku limenelo adaweruza milandu yonse maso ali gwa, mpaka olakwa adayamba kudandaula kuti mfumu yasintha.

Fisi sadapirire.

"Mfumu, akukupusitsani! Chimene mumathamangitsacho n'chithunzithunzi chanu chomwe. Aliyense ali nacho. Madzulo chimatalikanso."

"A nduna anena zoona," adatero Gulo, "ndipo ndikudabwa kuti akumudziwa bwino chotere. Madzulo amatalika chifukwa wayambanso kuba. Mankhwala ake n'kumugonera msanga, kumupsinja pamphasa asanakhute."

Njati adamuyang'ana Gulo, kenako adaseka mpaka nkhokwe kugwedera.

"Kaya ndi wakuba, kaya n'chithunzithunzi, ine lero thupi langa ndikulimva kuti ndi langa. Koma mlandu sunathe. Ndikakaima pachulu, Gulo wapulumuka. Ndikagonereza, a nduna, ndi wanu."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse kudali nyimbo, madzi, liwiro ndi msipu wa mame. Tsiku lina kudacha ndi mitambo, chithunzithunzi osaoneka. Njati adafuna kubwerera kumphasa.

"Wabisala ameneyo," adatero Gulo. "Lero ndiye tsiku lomusaka."

Adamusaka mpaka thukuta. Nyama zina zitaona mfumu yawo ikuthamanga, nazonso zidayamba kudzuka kuti zithamangitse akuba awo. Ndipo Gulo adaona chinthu china: masiku omalizira, akamalowa kuti ayambe kuimba, ankapeza mfumu ili kale tsonga, ikumudikira. Zimenezi sadauze aliyense. Ankadziwa kuti akadziwika kuti safunikanso, malo a paphulusa aja atha.

Mawa lake lili tsiku la pachulu, dzuwa likulowa, Gulo ankapita kukhitchini pamene dzanja lidamuti gwi! pakhosi.

"Mawa kulibe woimba," adatero Fisi. "Ndikudya pompano, mchere kaya ulipo kaya palibe."

"Idyani, a nduna," adatero Gulo, mawu akutuluka movutika. "Kungoti a Nankhoma nyimbo ija anailoweza. Aimba okha."

Fisi adaima, kukamwa kuli yasa.

"Ndiye palibe chimene mungachite," adapitiriza Gulo. "Pokhapokha wina atayamba waimba inzake ija... ayi, ndalankhula zambiri. Idyani basi."

"Inzake iti?"

"Palibe."

Fisi adafinya.

"Yomanga tulo! Nyimbo zimenezi zimayenda ziwiri, yomasula ndi yomanga. Yomanga ikayamba kulowa m'khutu, yomasula siigwiranso ntchito mpaka dzuwa lifike pamutu."

"Ndiphunzitse."

"Ili ndi malamulo. Muimbe pakhomo penipeni nthanda ikangotuluka. Mutchule wogona, mutchule wopindula ndi tulo take, mutchulenso dzina lanu ndi malipiro anu. Mukabisa chimodzi, tulo timabwerera kwa woimba, ndipo ena sadzukanso."

Fisi adatchera khutu. Adayesa kuloweza mawu, koma mutu wake unkagwira mzere umodzi n'kutaya unzake.

"Upita nane," adatero. "Uzikandinong'oneza."

Adamuponya mumtsuko n'kuvundikira ndi phale.

"Muuike pafupi ndi moto mtsukowu," adatero Gulo ali m'katimo. "Ndikazizidwa lilime limauma."

Motero Gulo adagona mofunda, nkhuni zili za Fisi.

Nthanda itatuluka, Fisi adafika pakhomo pa mfumu mtsuko uli m'khwapa. Gulo ankanong'ona, Fisi n'kumaimba ndi mawu ake osasa aja. Idali nyimbo yokoka pang'onopang'ono ngati yotonthoza khanda. Inkapempha tulo kuti tikhale pachifuwa pa Njati mpaka masana. Inkatamanda Nguluwe kuti ndiye mwini dambo. Kothera kwake inkatchula Fisi, nduna yokhulupirika ya tsidya linalo, ndi mafupa onona amene ankalandira.

Nyimbo idatha. M'nyumba mudali zii.

Gulo adayamba kutuluka thukuta mumtsukomo. Bwanji ngati lero lomwe mfumu yagonereza?

"Yagwira?" adanong'ona Fisi.

"Siinagwire bwino. Bwerezani, mokweza."

Fisi adakweza mawu. Atangofika pa dzina lake, chitseko chidati kwee, Njati balamanthu, chikho cha madzi chili m'manja, nkhope ili yonyowa.

"Pitirizani, a nduna," adatero mofatsa. "Pa mafupa paja poyamba sindinamvetse bwino."

Mtsuko udagwa, phwaa! Gulo adatuluka m'mapale. Fisi adaliyatsa liwiro osayang'ana m'mbuyo. Njati adatsitsa nyanga kuti amutsate.

"Mfumu, musiyeni!" adakuwa Gulo akukwera mwendo wake. "Kum'mawa kwafiira! Kuchulu!"

Njati adatembenuka, nathamanga. Miyendo imene kale inkanjenjemera pongopita kubwalo tsopano inkagunda pansi ngati ng'oma. Nyama za m'mudzi zidatuluka m'nyumba n'kumutsatira, a Nankhoma ali patsogolo akululutira.

Nguluwe ankabwera pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chake, akutafuna nzimbe, nduna yake itamunyamulira mpando. Adamva nthaka ikugwedera, nayesa ndi mabingu. Atakweza maso adaona fumbi, m'fumbimo nyanga. Adataya nzimbe n'kuyamba kuthamanga, koma miyendo yake yaifupi sidamuthandize. Pamene ankafika patsinde pa chulu, Njati adali ataima pamwamba, dzuwa likumuwomba pamphumi.

"Kodi mwagona pompano?" adafunsa Nguluwe ali wefuwefu.

"Ayi, anzanga. Ndagona kwathu, ndipo ndagona bwino."

Chaka chimenecho a kwa Njati adalima madimba mpaka maungu kusowa owadya. Fisi sadabwererenso m'mudzimo.

Pa tsiku la chikondwerero mfumu idaitana Gulo pakati pa bwalo.

"Moyo wako wauwombola. Tsopano ndikukupatsa udindo. Kuyambira lero ndiwe nduna yodzutsa mudzi. M'bandakucha uliwonse, mvula kaya mphepo, uziyenda khomo ndi khomo ukuimba, mpaka ukalamba."

Nyama zonse zidaomba m'manja. Gulo adagwada nathokoza ndi mawu okoma, koma mumtima ankalira. Iye kudzuka m'bandakucha moyo wake wonse? Ngakhale mwezi wa Juni?

Pobwerera adakumana ndi Tambala, amene masiku amenewo adalibe ntchito ina koma kuyenda monyang'wa pakati pa akazi ake.

"Ndamva zakukwezani, a Gulo," adatero Tambala mwansanje.

"Musanene, achimwene. Ena amati udindowu ukanayenera inu, poti mawu muli nawo. Ine ndinakuikirani kumbuyo. Ndinati musawavutitse a Tambala, mawu awo ndi a masana okha, m'mawa amatuluka ngati a chule."

"Ngati a chiyani?"

"Si mlandu wanu. Kuimba m'bandakucha si kwa aliyense."

Lipombo la pamutu pa Tambala lidafiira. "Mawa mutchere khutu."

M'mawa mwake, kusanayere n'komwe, Tambala adakwera padenga, nakupiza mapiko, nakuwa mpaka mudzi wonse udadzuka, wa tsidya linalo womwe. Dzuwa litatentha adamupeza Gulo ali pamtengo, akuwothera.

"Mwamva?"

"Ndamva. Poyambira panali bwino. Pothera ndiye pakufunika ntchito. Tayesaninso mawa."

Njati atafunsa chifukwa chake akuimba ndi Tambala, Gulo adati, "Ndi wophunzira wanga, mfumu. Ndikumukonza." Mfumu idangoseka n'kupita kothamanga.

Tambala adayesanso mawa lake, ndi linalo, ndipo mpaka lero akuyesabe. Gulo amadzuka dzuwa litafunda, n'kukwera pamtengo pake. Tambala akamufunsa ali pansi ngati lero wakhoza, iye amangogwedeza mutu, kukweza ndi kutsitsa, koma mawu oti wakhoza sanawatulutsebe.

Yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione, ingapserere.